Ndani akukumbuka dzina la filimu ya mnyamata wonyamula ndowa ali ndi mipeni m'khwapa?

Tate_wa_Mabvuto (Kapata):

Abale anga a kum'mawa muli bwanji nonse. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo sabata yonse ino. Pali filimu ina ya matchaina imene ndinaonera ndili mwana cha m'ma 1990 muno mu Kapata, mu kanyumba ka vidiyo kamene kanali kuseri kwa msika, mazenera otseka ndi masaka ndi makatoni, mabenchi a matabwa, ana tonse kutsogolo pansi, akuluakulu kumbuyo. Ndinaionera mwina kanayi kapena kasanu koma dzina sindinalisunge, nthawi imeneyo sitimafunsa dzina, timangoona chithunzi chimene achilemba pa bolodi panja basi kulowa.

Zimene ndikukumbuka ndi izi. Mnyamata wina adani amupha abale ake, iye wathawa ali wovulala mpaka wafika kwa amonke a mipala aja, amumeta nayenso, nde ayamba kumuphunzitsa. Koma sanayambe ndi zibakera ayi. Poyamba kuti akadye chakudya ayenera kuwoloka madzi podumpha pa zipika zoyandama, akagwa m'madzi ndiye kuti nsima yamudutsa. Kenako kutunga madzi ndi ndowa ziwiri kukwera nazo chitunda manja atatambasula, ndipo amumanga mipeni m'mikono kuti akangotsitsa manja chabe mipeni imubaye m'nthiti. Kwinanso amamenya belu ndi nsungwi yaitali yolemera kumapeto, kwina amagunda matumba a mchenga ndi mutu. Ndani akuidziwa filimu imeneyi?

Chifukwa chimene ndikuifunira ndi ichi. Ndili ndi mnyamata wa zaka 14, ali giredi 9, chilichonse akayamba sabata ziwiri wasiya. Mpira anasiya, kwaya anasiya, ndinamuika kwa mlamu wanga wokonza njinga ku Down Shops kuti pa holide aziphunzirako, masiku anayi chabe akuti amangondituma kutsuka masipoko sakundiphunzitsa kanthu. Nde ndinamukambira za filimu imeneyi, iye akuti adadi zimenezo ndi zabodza zonse, anthu aja sadziwa ndewu ndi kamera chabe ndi zingwe. Zinandiwawa ndithu chifukwa ife mafilimu amenewa anatilera. Ndiye funso langa lachiwiri kwa inu odziwa, kodi a Bruce Lee, a Jackie Chan ndi anzawo aja ankadziwadi kumenya kapena mwanayu akukamba zoona? Ndiuzeni mosabisa, ndikufuna ndikamuyankhe ndi zinthu zenizeni osati zongomva.

Mphunzitsi_Katete:

A Tate a Mabvuto, filimu yanuyo ndi The 36th Chamber of Shaolin, inatuluka mu 1978, ena amaidziwa ndi dzina loti Master Killer. Wa mpala uja ndi Gordon Liu, mu filimu dzina lake ndi San Te, ndipo anaikonza ndi Lau Kar-leung pa kampani ya Shaw Brothers ku Hong Kong. Mwaiwala chipinda chimodzi chimene ine chimandigwira mtima kwambiri, chija chophunzitsa maso, pomwe mutu wake uli pakati pa ndodo ziwiri za lubani zoyaka, ayenera kutsata kuwala ndi maso okha, akangotembenuza mutu wapsa tsaya. Zipinda zinali 35, cha 36 anachipempha yekha atamaliza, choti aziphunzitsa anthu wamba a kunja kwa kachisi kuti adziteteze kwa olamulira ankhanza. Dzina la filimu lachokera pamenepo.

Tsopano pa funso la mwana wanu, musamukanize zonse chifukwa mbali ina akukamba zoona. Ndewu za mu filimu zimakonzedwa, palibe amene amamenyana kuti aphane. Pali munthu amene ntchito yake ndi kukonza kuti apa uponya chibakera, apa ubwerera m'mbuyo, apa ugwa, ngati momwe timakonzera masitepe a gule. Kudumphira pa denga kuja nthawi zambiri munthu ankadumpha kuchoka pamwamba kubwera pansi nde filimu nkuiyendetsa chobwerera. Zingwe zinalipo, zodumphirapo zinalipo, ndipo ankajambula ndi liwiro lochepa pang'ono kuti poonetsa zizioneka zachangu. Ngakhale phokoso lija la zibakera ndi malaya ankaliika pambuyo, mawu onse ankawaika pambuyo, nchifukwa chake pakamwa ndi mawu sizimagwirizana.

Koma apa ndi pomwe mwana wanu walakwitsa. Kuti munthu achite mayendedwe 15 kapena 20 motsatizana kamera osaidula, ndi lupanga kapena mkondo ukudutsa pafupi ndi diso, thupi limenelo liyenera kukhala lophunzitsidwa zaka zambiri. Kompyuta yoti iwathandize kunalibe. Lau Kar-leung uja sanali wa mafilimu chabe, anali mphunzitsi weniweni wa Hung Gar, mtundu wina wa kung fu, anaphunzira kwa bambo ake, bambo akewo anaphunzira kwa Lam Sai-wing, ndipo Lam Sai-wing anali wophunzira wa Wong Fei-hung, munthu weniweni amene anabadwa mu 1847, sing'anga komanso katswiri wa kung fu, yemwe uja Jackie Chan ndi Jet Li anadzasewera mbiri yake. Ndiye mzere wake mukuuona, mphunzitsi kupatsa wophunzira, wophunzira kupatsa mwana wake, mpaka kufika pa sikilini ya mu Kapata. Nchifukwa chake mafilimu a bambo ameneyu nthawi yambiri imathera pa kuphunzira osati pa kubwezera, iye ankafuna anthu aone mtengo wake wa luso. Anamwalira mu 2013.

Bruce Lee naye anaphunzira kung fu ya mtundu wa Wing Chun kwa Ip Man ku Hong Kong ali mnyamata, atapita ku America anatsegula masukulu ake a kung fu, anayambitsa njira yake yotchedwa Jeet Kune Do, ankaphunzitsa anthu asanatchuke nkomwe mu mafilimu. Ndipo chimene ambiri sadziwa, mu 1958 anapambana mpikisano wovina cha-cha ku Hong Kong, nde mukaona momwe amayendetsera mapazi muzidziwa kuti sizinangobwera.

Muonetseni mwanayo filimu imeneyi koma musamuuze kuti ikukamba za iye, ana a masiku ano akangodziwa kuti ndi phunziro amatseka makutu. Ingokhalani naye muonere limodzi.

JijoWaMchini:

Amdala ine ndikamba zoona zanga olo mundikwiyire, pa onse amene mwatchula mwamuna ni Jackie Chan basi. Bruce Lee ndimamulemekeza koma iye samenyedwa, akalowa chabe mukudziwa kale kuti onse agona, manje Jackie amamenyedwa, amathawa, amagwira dzanja kumva kuwawa, amatola chilichonse chili pafupi kaya mpando kaya makwerero kaya njinga, ndipo ise a mu komboni timamvetsa munthu wotero chifukwa moyo wathu ni womwewo, umalimbana ndi chimene uli nacho m'manja.

Muuzeni mfana wanu aone kumapeto kwa mafilimu a Jackie pomwe amaonetsa zimene zinalakwika pojambula, aone anthu akunyamulidwa magazi ali chuchuchu nde abwere akambe kuti ni kamera chabe. Mu Project A ya 1983 anagwa kuchoka pa nsanja ya wotchi kudutsa m'matenti mpaka pansi, iye mwini. Mu Police Story ya 1985 anatsetsereka pa chitsulo chodzaza ndi magetsi mkati mwa shopu yaikulu manja anapsa. Pojambula Armour of God ku Yugoslavia anadumphira mu mtengo nthambi nkuthyoka, anagwa namenyetsa mutu pa mwala chigaza kusweka mpaka opaleshoni. Zimenezo ni zingwe?

Ndipo kuphunzira kwa ndowa kumene mukukamba iye anakudutsa zenizeni. Makolo ake anamusiya pa sukulu ya zisudzo za chitchaina kwa mphunzitsi Yu Jim-yuen ali ndi zaka pafupifupi 7, anakhalako zaka 10, kudzuka kusanache, kupidiguka, kuima ndi manja, ukalakwitsa ndodo. Kumeneko nkomwe anakulira pamodzi ndi Sammo Hung ndi Yuen Biao, nchifukwa chake atatu aja akakhala mu filimu imodzi amamvana ngati ana a mimba imodzi. Sammo ni wonenepa koma onani momwe amazungulira m'mwamba.

Ine yanga ya pamtima ni Drunken Master, nayonso ya 1978, ndi inzake Snake in the Eagle's Shadow chaka chomwecho. Mdala wa mphuno yofiira ndi chipanda cha mowa uja ni Yuen Siu-tien, ndipo amene anakonza mafilimu onse awiri ni mwana wake weniweni Yuen Woo-ping, yemwe uja pambuyo pake azungu anamuitana kukakonza ndewu za The Matrix mu 1999. Mdalayo anamwalira kumayambiriro kwa 1979, kutchuka kwenikweni kwangomupeza kumene, zimandimvetsa chisoni. Ndipo mdani wa mateche oopsa uja Hwang Jang-lee wa ku Korea anali wa taekwondo weniweni, anamuchotsa dzino Jackie ndi theche pojambula.

Agogo_aFortJimmy:

Ana anga, mdzukulu wanga ndiye wandionetsa nkhani yanuyi pa foni ndipo ndamuuza alembe zimene ndikunena. Ine ndinabadwira kuno tauni ino ikutchedwa Fort Jameson, dzina la Chipata lisanabwere. Bruce Lee sindinamuonere pa vidiyo ngati inu, ndinamuonera pa chinsalu chachikulu ku Kitwe m'ma 1970 ndikugwira ntchito ku migodi, holo yodzaza mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma.

Mwana wa ku Mchini wanena kuti Bruce samenyedwa nde sakumufika pamtima. Mwanawe, ndikumvetsa, koma iwe unabadwa dziko lili kale m'manja mwathu. Ndikuuze chimene ife tinaona. Ine ndili mnyamata, munthu wakuda sumalowa pa khomo la butchala ya azungu, umagulira pa kazenera ka kumbali, nyama yokukulungira kale osaiona, ndalama yako yomweyo koma khomo si lako. Tinalandira ufulu mu 1964 koma chilonda chimenecho chinali chisanapole. Ndiye tangoganiza, patangopita zaka zochepa, uli mu holo, ukuonera Fist of Fury ya 1972, nkhani yake ili ku Shanghai nthawi imene matchaina ankaponderezedwa m'dziko lawo lomwe, mnyamata wochepa thupi wafika pa geti la paki, mlonda akumuonetsa chikwangwani choletsa agalu ndi matchaina kulowa. Iye kudumpha nkuchiswa chikwangwanicho ndi theche m'mwamba. Holo yonse inaimirira. Amuna akuluakulu a pansi pa mgodi, Abemba, Alozi, ife a kum'mawa, tonse kukuwa pamodzi, mnzanga amene ndinakhala naye pafupi misozi inatuluka. Palibe amene anatimasulira chizungu chake, sitinafune womasulira, chikwangwani chimenecho tinkachidziwa.

Kufikira nthawi imeneyo mafilimu amene tinkaonera anali a makauboyi, mzungu ndiye wopambana nthawi zonse, wakhungu lina ntchito yake kugwa pa kavalo. Uyu anali woyamba kwa ife kuona munthu amene si mzungu ali mwini filimu, osapepesa kwa aliyense. Mu Way of the Dragon anamenyana ndi Chuck Norris ku Rome, ndipo Norris sanali wongosewera, anali katswiri weniweni wa mipikisano ya kareti ku America. Koma onani chimene anachita atamugonjetsa, anatenga malaya ake ndi lamba wake nkumufunditsa mwaulemu. Ife tinakulira m'mudzi timadziwa kuti ngakhale mdani akafa umamupatsa ulemu wake, nde chimenecho chinatiuza kuti mwanayu analeredwa.

Ndipo kumbukirani kuti mafilimuwa ankachokera ku Hong Kong, komwe nthawi imeneyo kunali kudakali pansi pa Angerezi omwewo amene anatilamulira ife, iwo anachokako mu 1997. Zaka zomwezo matchaina ena anali muno akumanga njanji ya TAZARA kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, anayamba 1970 kumaliza 1975, nde anyamata ambiri ankakhulupirira kuti aliyense wa iwo amadziwa kung fu, ankawapatsa ulemu wapadera.

Enter the Dragon tinaionera mwini wake atamwalira kale. Anafa pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 chabe. Ine tsopano ndakalamba, ndaona zaka zake kuwirikiza kawiri ndi kupitirira, koma ndikamuona pa foni ya mdzukuluyu akadali mnyamata yemwe uja.

Tate_wa_Mabvuto (Kapata):

Agogo zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri. Za kazenera ka butchala bambo anga ankatikambira koma sindinaganizepo kuti nchifukwa chake ankakonda Bruce Lee chotero. Aphunzitsi a ku Katete zikomo pa dzina, ndalilemba. Koma pa imfa yake, ife tinkamva kuti anamupha ndi poizoni chifukwa anaulula zinsinsi za kung fu kwa azungu, ena amati anamenyedwa chibakera chochedwa kupha. Zoona ndi ziti?

Mphunzitsi_Katete:

Nkhani zimenezo tonse tinazimva koma zimene madokotala anapeza ndi zoti ubongo unatupa. Anadandaula mutu, anamwa mankhwala opha ululu otchedwa Equagesic, anagona osadzukanso, ndipo bwalo lofufuza za imfayo ku Hong Kong linagamula kuti inali ngozi. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake, mu May, anali atakomokapo kale ndi vuto lomwelo la kutupa ubongo. Anaikidwa ku Seattle ku America, ndipo mwana wake Brandon Lee, amene anafa mu 1993 pa ngozi ya mfuti pojambula The Crow, anaikidwa pambali pake. Imfa ziwirizi nzimene zinakulitsa mphekesera, pajatu kwathu kuno munthu wamphamvu akafa mwadzidzidzi sitivomera msanga kuti ndi matenda.

Chinanso chimene chinatisokoneza ife a nthawi ya vidiyo nchakuti mafilimu amene anamaliza ali wamkulu ku Hong Kong ndi anayi chabe, The Big Boss ya 1971 imene anajambulira ku Thailand, Fist of Fury, Way of the Dragon ndi Enter the Dragon. Game of Death ya suti yachikasu ija anaisiya pakati, anadzaimaliza ena mu 1978 pogwiritsa ntchito anthu ofanana naye, zake zenizeni ndi ndewu za kumapeto, kuphatikizapo ija yomenyana ndi chimphona cha basketball Kareem Abdul-Jabbar. Ena onse aja amene tinkaonera nkumati ndi Bruce anali a Bruce Li, a Bruce Le, a Dragon Lee, anthu ena amene makampani anawapatsa mayina ofanana kuti agulitse. Ndiye munthu akakuuzani kuti anaonera mafilimu 20 a Bruce Lee sakunama dala, anagulitsidwa dzina.

Amake_Tiyanjane (Navutika):

Mwakamba za amuna okhaokha abale, nanga azimayi munawaiwala? Ine ku vidiyo amayi ankatiletsa ife atsikana, ankati kumeneko nkwa anyamata osamva, ndipo pena anali ndi chifukwa chifukwa usiku kumaonetsedwa zina zosayenera. Ndinkaonera kwa amalume anga amene anali ndi deki kunyumba, Loweruka masana tikamaliza kuchapa ndi kusinja, magetsi akathima amalumikiza ku batire ya galimoto. Tsiku limene ndinaona Angela Mao sindidzaliiwala. Mu Enter the Dragon ndi mlongo wake wa Bruce uja amene amuna ambiri akumuthamangitsa iye akuwagwetsa mmodzimmodzi ndi mateche, mpaka atapanikizidwa anasankha kufa ndi galasi losweka kusiyana ndi kuti amugwire. Ndi mphindi zochepa chabe koma ine ndinalira. Pambuyo pake amalume anabweretsa Hapkido ya 1972 momwe iye ndiye mwini filimu, Sammo Hung ali pambali pake. Nayenso anakulira pa sukulu ya zisudzo ku Taiwan, maphunziro owawa omwewo amene a Jijo akamba.

Asanabwere iye kunali Cheng Pei-pei mu Come Drink with Me ya 1966, Bruce Lee asanatchuke nkomwe, mtsikana wa mipeni iwiri yaifupi atakhala phee m'nyumba ya alendo amuna omuzungulira mbali zonse. Iye anaphunzira zovina osati ndewu, nde zikugwirizana ndi zimene aphunzitsi anena kuti zimenezi ndi pachibale ndi gule. Mayi ameneyu ndi yemwe uja anadzakhala nkhalamba yoopsa mu Crouching Tiger, Hidden Dragon mu 2000, wamwalira mu 2024. Ndiye Michelle Yeoh wa ku Malaysia, amene anayamba kumenya mu Yes, Madam ya 1985 pamodzi ndi mzungu Cynthia Rothrock, mu 1992 anadumphira pa sitima yoyenda ali pa njinga yamoto iye mwini mu filimu ya Jackie Chan, ndipo mu 2023 analandira Oscar ali ndi zaka 60. Ndinawaitana ana anga aakazi onse awiri kuti adzaone pa foni tsiku limenelo.

Koma a Tate a Mabvuto ndikuuzeni chinthu chimodzi monga mayi. Filimu yokha siisintha mwana. Ine mchimwene wanga anaonera ma Shaolin onse, anapanga nanchaku ndi mpini wa tsache ndi tcheni ya njinga, anathyola dzanja la mwana wa aneba poyeserera, amayi analipira chipatala ndi ndalama ya tomato, koma kupirira sanakutengeko ayi, anatengako mateche okha. Chimene mwana amaona mu filimu zija chimadalira amene wakhala naye pambali. Ndipo mukambe ndi alamu anuwo, mu filimu muja mphunzitsi amatuma wophunzira ntchito yotopetsa koma tsiku lina amamuonetsa kuti ntchito ija inali ya chiyani. Ngati mwana akutsuka masipoko sabata yonse wina amuuze kuti sipoko yokhota amaizindikira ndi wotsuka, amupatseko wilo limodzi awongole yekha olo alakwitse. Ana ena amasiya chifukwa palibe amene wawaonetsa komwe njira ikupita.

KuLundazi_Boyz:

Palibe watchula Five Deadly Venoms?? Nayonso 1978, chaka chimenecho kaya kunagwa chiyani ku Hong Kong. Ophunzira asanu a mphunzitsi mmodzi aliyense ndi nyama yake, nankalizi, njoka, chinkhanira, buluzi ndi chule, ovala zigoba kumaso ngati zilombo za ku dambwe ena osadziwana nkhope, nde wachisanu ndi chimodzi watumidwa kukafufuza amene wasanduka woipa. Ife ku sukulu aliyense anali ndi nyama yake, ine ndinali chule chifukwa Lo Mang, wosewera chule uja, thupi lake silimalowa chitsulo, ndipo momwe anamuzunzira mpaka kumupha zinandipweteka masiku ambiri. Anakonza ndi Chang Cheh yemwe anapanganso One-Armed Swordsman ya Jimmy Wang Yu mu 1967. Mukangoona chizindikiro cha SB chija cha Shaw Brothers ndi malipenga kumayambiriro mumadziwa kuti ndalama yanu siinapite pachabe.

Jet Li nayenso musamusiye, Shaolin Temple ya 1982 anajambulira ku kachisi weniweni wa Shaolin ku Henan, osati mu situdiyo ngati za Shaw Brothers, ndipo iye anali kale katswiri wa dziko lonse la China pa wushu, masewera a kung fu a mipikisano, ali ndi zaka 11 anakaonetsa luso lake kwa pulezidenti Nixon ku White House mu 1974. Mfana wanuyo amuone ameneyo ali wachichepere nde anene za zingwe.

Funso langa kwa nonse, inu mumakonda ndi mawu ati? Ine masiku ano ndimaonera zomasulira mu Chichewa zimene zimalowa kudzera pa Mwami kuchokera ku Malawi, amayi anga amene sadziwa chizungu amatsata nkhani yonse ndipo amakhala nafe mpaka kumapeto, kale amangodutsa.

JijoWaMchini:

Zomasulira ni zabwino kwa azimayi athu ndi ana, ine sindikana, koma pa 36th Chamber ayi. Omasulira ambiri amakamba osapuma ndipo amaika nthabwala paliponse, manje filimu ija ili ndi malo ofunika kukhala chete, pomwe mnyamata akudzuka usiku yekha anzake ali mtulo kukayeserera kuwoloka madzi aja mobwerezabwereza, pamenepo wina akayamba kuseketsa ndiye kuti mfana saona chimene atate ake akufuna aone. Amdala pezani ya chizungu kapena ya mawu a chitchaina yolembedwa pansi, mwana wa giredi 9 awerenga.

Agogo, ndamva zimene mwakamba ndipo ndagonja pa Fist of Fury, ndikaioneranso ndi maso ena. Koma mudziwe kuti Jackie analimo mmenemo, anali mmodzi wa anyamata ogwa m'malo mwa ena, ndipo mu Enter the Dragon ni uja Bruce akumugwira tsitsi mu ndewu ya pansi pa nthaka. Anayambira kumenyedwa ndi Bruce kuti adye.

Tate_wa_Mabvuto (Kapata):

Abale ndabwerera kudzakuuzani. Filimu ndinaipeza kwa mnyamata wina woika mafilimu mu mafulashi pa Saturday Market, ya chizungu, chithunzi choyera bwino kuposa tepi imene tinkaonera ife. Tinaonera dzulo usiku ine, mnyamata wanga, alongo ake awiri ndi amake. Ndinachita monga aphunzitsi ananenera, sindinakambe kanthu. Poyamba anali pa foni, koma pofika pa ndowa ndi mipeni foni anaiika pansi, pa belu anafunsa kuti adadi dzanja silingathyoke pamenepo, pa matumba a mchenga anali atasendera pafupi ndi TV. Ine pomwe mtima unandigunda ndi pomwe nyimbo ya kumayambiriro inalira, ndinamva fungo la kanyumba kaja, thukuta ndi fumbi ndi chimanga chokazinga, ndinakumbuka mkulu wanga malemu amene ankandilipirira khomo ndi ndalama yogulitsa mabotolo.

Itatha sananene kuti ndi zabodza, sananenenso kuti ndi zoona, anangofunsa ngati pali ina ya munthu yemweyo. Za ku njinga sindinamufunse ndipo sindikudziwa ngati abwerera. Amake Tiyanjane mawu anu ndawatenga, mawa ndikupita ndekha ku Down Shops kukakhala pansi ndi alamu tikambirane za wilo lija. Ndipo wamkazi wamng'onoyo, wa zaka 9, ndi amene m'mawa uno ndamupeza pa mpopi atanyamula tizigubu tiwiri manja atatambasula, nde Loweruka likubwerali ndikufuna ndiwaonetse ya Angela Mao. Amene ali ndi Hapkido yooneka bwino muno mu Chipata andiuze, mnyamata wa pa msika uja alibe, ndibwera ndi fulashi yanga.